Pa magemu achikale, mapointi sagula

Tsegulani Play Store pafoni yanu, mulembe mawu akuti "retro" kapena "arcade shooter". Mupeza magemu ambirimbiri ooneka ngati anapangidwa makolo athu asanadziwane n'komwe. Kamunthu kopangidwa ndi timadontho, kanyamula mfuti yoposa msinkhu wake, kakudumpha kuchoka pa thabwa ili kukatera pa linalo, uku adani akutulukira mbali zonse. Pakona ya sikirini pali nambala imene ikukwera. Chipolopolo chimodzi chikangokakhudza, basi kafa, nambala ija yaima pomwepo, muyambirenso pa ziro.

Ambiri akaona zotere amaseka. Amati m'masiku ano a eFootball, PUBG ndi Free Fire, ndani angataye nthawi ndi tizithunzi totere? Koma ine maganizo anga ndi akuti pa manambala onse amene foni imationetsa tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma like, ma view, ma follower kapena ma odds, high score ya gemu yachikale ndiyo imanena zoona kwambiri za mwini wake. Ndipo pamene achinyamata ambiri akulowa m'dziko la masewera a pafoni kudzera mu kandege, nkhaniyi ndi yofunika kuti tiikambirane bwinobwino.

Tiyambe ndi kumene zinachokera. Mu 1978 kampani ya ku Japan ya Taito inatulutsa Space Invaders, gemu imene anaipanga ndi Tomohiro Nishikado. Inkakhala m'chibokosi chachikulu, ndipo kuti usewere unkaponyamo ndalama yachitsulo ya 100 yen. Adani 55 ankatsika pang'onopang'ono kuchokera kumwamba, iwe uli pansi ukuwombera. Ukawamaliza onse ankabwera ena, moti gemuyo inalibe mathero. Nanga dolo ankadziwika bwanji? Makinawo ankasunga mapointi apamwamba kwambiri n'kumawaonetsa pa sikirini kuti aliyense wobwera aone phiri limene ayenera kukwera. Chaka chotsatira, mu 1979, gemu ya Asteroids ya kampani ya Atari inatchukitsa zolemba zilembo zitatu za dzina lako pa mndandanda wa anthu khumi ochita bwino. Kuyambira pamenepo, munthu ankatha kupikisana ndi wina amene sanamuonepo nkhope, kungodziwa zilembo zake basi.

Kenako kuwombera kunaphatikizana ndi kudumpha. Kunabwera Elevator Action mu 1983, Ghosts 'n Goblins ya Capcom mu 1985, Contra ya Konami mu 1987, ndi Metal Slug pa makina a Neo Geo mu 1996. Amene munakulira m'nyumba zokhala ndi timagemu tolumikiza ku TV, ta makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi pomwe enieni anali ochepa ongobwerezabwereza, Contra mukuikumbukira. Ena munayambira pa Nokia 3310 ya akulu anu, kulimbana ndi Snake II kapena Space Impact mpaka mwini foni atalusa kuti batire latha. Ndiye zimenezi si zachilendo kwa ife. Timazidziwa, kungoti tinaziiwala mafoni a sikirini yaikulu atabwera.

Chimene chimachititsa kuti mapointi a magemu otere akhale achilungamo ndi momwe amawerengedwera. Tengani Super Crate Box, imene inatuluka mu 2010 kuchokera kwa anyamata awiri a ku Netherlands, Rami Ismail ndi Jan Willem Nijman, amene kampani yawo ankaitcha Vlambeer. Gemu yonse imachitikira pa sikirini imodzi. Adani amatulukira pamwamba, n'kumatsika mpaka kukagwera m'dzenje la moto pansi. Mdani amene mwamulekerera kuti akagwere m'motomo amatulukiranso pamwamba atafiira, akuthamanga kuposa poyamba. Koma chodabwitsa n'chakuti kupha adani sikukupatsani pointi ngakhale imodzi. Mapointi amabwera mukatola bokosi, ndipo bokosi lililonse limasintha chida chimene mwanyamula. Mwina munali ndi mfuti yamphamvu, mwatola bokosi, mwapezeka muli ndi ina imene chipolopolo chake chimagunda khoma n'kubwerera kudzakuphani nokha. Mukafuna kukakamira mfuti yabwino, nambala siikwera. Mukathamangira mabokosi osayang'ana adani, mufa msanga. Sekondi iliyonse mukusankha pakati pa chitetezo ndi phindu, ndipo nambala ya pamapeto ikungoonetsa kuti munasankha bwino kangati.

Mu Metal Slug muli zofananako. Mukamapulumutsa akaidi a ndevu zazitali amene amangidwa m'njira, mumalandira mapointi owonjezera pamapeto pa gawolo. Koma mukafa musanafike, mndandanda wa akaidi aja umafufutika. Mu Downwell, imene Ojiro Fumoto wa ku Japan anatulutsa mu 2015, kamunthu kamagwera m'chitsime katavala nsapato zowombera pansi. Mabatani ndi atatu okha: kumanzere, kumanja ndi kudumpha. Zipolopolo zimadzadzanso mukatera pansi kapena mukaponda mdani pamutu, ndipo mphotho yaikulu imapita kwa amene wapha adani ambiri motsatizana asanaponde nthaka. Malamulo ake mukhoza kuwamva m'mphindi imodzi, koma kuti muwazolowere m'zala pamafunika masabata.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukaluza pa gemu yotere, chifukwa chake chimaoneka. Munadumpha mochedwa, munapupuluma, munaiwala kuti mdani uja amatulukira kumbuyo. Mu Contra adani ambiri amakudikirirani pamalo omweomwewo ulendo uliwonse, choncho imfa iliyonse imakusiyirani phunziro limene mungagwiritse ntchito pakangopita masekondi asanu. Lero mwafika pa mlatho, mawa mwauwoloka, mkuja mwaona mdani wamkulu wa gawolo koyamba. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo palibe malo amene mwambiwu umakwanira bwino kuposa pano.

Tsopano yerekezani ndi magemu ambiri aulere amene adzadza m'mafoni mwathu. Mukafa, pamabwera uthenga wokoma: onerani kanema wotsatsa malonda wa masekondi 30 kuti mudzukenso pomwe munafera. Kapena gulani timiyala tonyezimira kuti mfuti yanu ikhale yamphamvu kawiri. Kapena dikirani maola angapo kuti mphamvu zibwerere, pokhapokha mulipire. Pa mndandanda wa magemu otere, amene ali pamwamba kawirikawiri ndi amene ali ndi thumba lalikulu kapena bandulo yosatha. Iwe wa bandulo ya tsiku limodzi ukupikisana ndi munthu wa khadi la kubanki ku Dubai, ndiye ukadabwa kuti n'chifukwa chiyani sukumupeza? Magemu ena amagulitsa mabokosi amwayi amene sudziwa kuti mkati muli chiyani mpaka utalipira. Dziko la Belgium linaona kuti zimenezi zafanana kwambiri ndi juga, ndipo mu 2018 bungwe lake loona za juga linagamula kuti mabokosi ogula ndi ndalama oterewa akuphwanya malamulo a juga a dzikolo. Kuno kwathu mwana amangodina, palibe womuchenjeza.

Koma mpikisano weniweni wa gemu yachikale m'foni ya wachinyamata ndi kandege. Aviator, imene kampani ya Spribe inatulutsa mu 2019, imaoneka ngati m'bale wake wa magemu a arcade. Zithunzi n'zosavuta, nambala ikukwera, ulendo umodzi umatenga masekondi ochepa, ndipo ukaluza mtima umati yesanso kamodzi kokha. Kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Pamene kandege kathawire pamasankhidwa mwamwayi ndi kompyuta, ndipo zala zanu zilibe gawo pa zimenezo. Eni ake amanena poyera kuti gemuyo imabweza 97 peresenti ya ndalama zobetchedwa. Kutanthauza kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi aika, pakapita nthawi K3 imatsala ku kampani. Zikumveka zochepa eti? Chitani masamu. Ngati ndalama yomweyo mukuibwezeramo yonse ulendo uliwonse, pofika ulendo wa 23 avereji yake imakhala itatsika kufika pa theka. Ndipo maulendo 23 pa kandege satenga ngakhale ola.

Sewerani kandege chaka chathunthu, pamapeto pake simudzakhala katswiri kuposa tsiku loyamba, chifukwa mulibemo luso loti munthu n'kuliphunzira. Aja amagulitsa ma predictor ndi ma signal pa WhatsApp ndi Telegram akungodyera pa chiyembekezo cha anzawo. Akanakhala kuti amadziwadi pamene kandege kathawire, bwenzi akuvutikiranji kupempha K5,000 yanu? Sewerani Contra kapena Super Crate Box mwezi umodzi, mudzaona nokha kuti nambala imene inkakuvutani sabata yoyamba tsopano mukuidutsa mukucheza. Magemu awiriwa akuphunzitsa zinthu ziwiri zosiyana za moyo. Ina ikuti dikira mwayi, ukalephera onjezera ndalama. Inayo ikuti ona pamene walakwitsa, konza, bwerera. Kwa munthu wa zaka 17 kapena 22 amene akuumba khalidwe lake, zimene amabwereza kambirimbiri patsiku zimalowa m'magazi.

Mwina wina akuti, aise, usatinamize, makina a arcade nawonso ankadya ndalama za ana. Zoona, ndipo tisabise. Magemu aja ankawapanga ovuta dala kuti munthu afe msanga aponyemo ndalama ina. Mwini malo ankatha kutsegula chibokosicho n'kusintha timaswichi ta mkati kuti gemu ivute kwambiri kapena miyoyo ichepe. Ukafa, sikirini inkawerenga chotsitsa kukukakamiza kuti upitirize ndi ndalama ina nthawi isanathe. Ghosts 'n Goblins inafika pomuuza munthu amene wavutika mpaka kumapeto kuti abwerezenso gemu yonse kuti aone mathero enieni. Inali bizinesi, panalibe zachifundo.

Komabe onani zimene osewera okha anachita. Anagwirizana kuti ulemu umapita kwa amene wamaliza gemu ndi ndalama imodzi yokha, chimene mpaka lero amachitcha 1CC. Magemu ambiri ankafufuta mapointi kapena kuika chizindikiro pa nambala ya munthu amene wapitiriza ndi ndalama yachiwiri, kuti aliyense adziwe. Ndalama inkakugulira nthawi yoyeserera, koma dzina pamwamba pa mndandanda unkalipeza ndi zala zako. Ngakhale chinsinsi chotchuka cha Konami, chodina mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B ndi A, chimene chinkapereka miyoyo 30 mu Contra ya pa NES, aliyense ankadziwa kuti n'chongothandiza kuona mapeto. Palibe ankadzitama nacho. Ndipo lero, pa gemu yogula kamodzi kapena yaulere yopanda sitolo mkati, kabowo koponyamo ndalama kanachoka, kwatsala kuvuta kokhako.

Wina anganenenso kuti pa intaneti anthu amabera, ndiye chilungamo chili pati? Izinso n'zoona. Mndandanda wa dziko lonse wa magemu ambiri a pafoni umakhala ndi manambala osatheka pamwamba, oikidwa ndi anthu amene anasokoneza pulogalamu. Kubera kunayamba kale. Bungwe la Twin Galaxies, limene Walter Day anayambitsa ku Ottumwa m'chigawo cha Iowa ku America ndipo lakhala likusunga mbiri ya mapointi kuyambira mu 1982, linachotsa mu 2018 rekodi ya Todd Rogers ya masekondi 5.51 pa gemu ya Dragster. Rekodiyo inakhala zaka zoposa 30, mpaka anthu atafufuza pulogalamu ya gemuyo n'kupeza kuti nthawi yochepetsetsa yotheka ndi 5.57. Kwa ine nkhaniyi ikuonetsa mphamvu ya magemu otere. Popeza malamulo ake ndi okhazikika, bodza limatha kugwidwa ndi masamu ngakhale patapita zaka zambiri. Ndani angakuwerengereni motero ma follower ogula a munthu wa pa TikTok?

Ndipo kuya kwa magemu ooneka ophwekawa kumadabwitsa. Pac-Man ya mu 1980 ili ndi malire a mapointi 3,333,360, ndipo panatenga mpaka 1999 kuti rekodi yoyamba yofika pamenepo ilembedwe. Mu December 2023, mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, Willis Gibson, anasewera Tetris ya pa NES mpaka pulogalamu inaima pa levo 157, chinthu chimene munthu anali asanachitepo chitulukireni gemuyo mu 1989. Mwana wobadwa gemu itakwanitsa kale zaka 20 ndi amene anaigonjetsa, pogwiritsa ntchito njira zogwirira mabatani zimene osewera anzake anatulukira n'kugawana pa YouTube.

Dandaulo lalikulu, limene makolo anganene, ndi la nthawi. Gemu ndi gemu, ikhoza kumudya munthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto losewera magemu mopitirira muyeso pa mndandanda wake wa matenda wa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu January 2022. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zinthu zina zofunika, ndi kupitirizabe ngakhale zikukuonongera sukulu, ntchito kapena ubale, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Gemu ya high score ili ndi msampha wakewake, uja woti kamodzi kokha kenanso, mpaka tambala kulira. Sindinganene kuti ndi yoyera ngati mngelo. Koma ili ndi ubwino umodzi: siikulanga ukaisiya. Ulendo umodzi umatha m'mphindi ziwiri kapena zisanu, ndipo ukapanda kuitsegula mwezi wathunthu palibe chimene wataya. Magemu ambiri amakono anapangidwa kuti uzimva ngati uli ndi ngongole, mphotho ya tsiku ndi tsiku ikudutsa, anzako a m'timu akukudikira, foni ikungolira kukuitana. Gemu yachikale imakhala phee ngati bawo pansi pa mtengo, kudikira kuti ubwere wekha.

Nanga high score imadyetsa? Ayi, siidyetsa. Bawo nayonso siidyetsa, dirafuti ya zitsekerero za mabotolo siidyetsa, koma palibe amene amati agogo akutaya moyo akamatakata madzulo. Munthu amafunika kusewera kumene sikumulanda ndalama ya ndiwo. Amene akukulonjezani kuti gemu ya pafoni ikulemeretsani ndi amene muyenera kumuopa, poti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Komabe pali khomo lina limene magemu otere amatsegula, makamaka kwa inu amene mukuphunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST kapena panokha pa YouTube. Gemu ngati PUBG imafuna anthu mazana ndi ndalama zankhaninkhani. Super Crate Box anaipanga anthu awiri amene anali atangosiya sukulu ya zopanga magemu ku Utrecht. Fumoto ankaphunzira kuimba nyimbo za opera ku yunivesite ku Tokyo pamene anayamba kudziphunzitsa kupanga magemu ndi pulogalamu ya GameMaker, ndipo Downwell imaoneka bwino ndi mitundu itatu yokha: wakuda, woyera ndi wofiira. Lero kuli Godot, pulogalamu yaulere imene imayenda ngakhale pa laputopu wamba. Sikirini imodzi, mabatani atatu ndi lamulo limodzi lanzeru la kawerengedwe ka mapointi, zimenezi sizifuna situdiyo ya ku Los Angeles. Ngati tsiku lina tidzaone gemu yopangidwa ku Ndirande kapena ku Kawale ikuseweredwa kunja, ndikukhulupirira kuti idzakhala ya mtundu umenewu.

Ndiye mungasankhe bwanji gemu yabwino pakati pa zinyalala zonse zili mu Play Store? Poyamba, thimitsani data muone ngati ikuseweredwabe. Gemu yabwino ya mtunduwu siifuna intaneti, ndipo ikhoza kukusungani bwino pa mzere wa kubanki kapena usiku umene magetsi athima. Chachiwiri, yang'anani ngati muli sitolo yogulitsa miyoyo kapena zida. Ngati mapointi angakwere chifukwa cholipira kapena kuonera malonda, mndandanda wake ulibe tanthauzo. Chachitatu, samalani ndi ma APK otengedwa pa masamba osadziwika. Kagemu kowombera kalibe chifukwa chopemphera chilolezo chowerenga ma SMS anu kapena manambala a anzanu, ndipo foni yomweyo ndi imene muli Airtel Money kapena Mpamba yanu. Ikapempha zotere, ichotseni osachedwa.

Kenako iwalani za mndandanda wa dziko lonse, pangani wanu. Kukoma kwa zilembo zitatu zija kunali koti amene wakuposa ndi munthu wa m'dera lako lomwelo. Pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi, ya kuntchito kapena ya achinyamata a kumpingo, sankhani gemu imodzi sabata iliyonse. Aliyense atumize nambala yake pamodzi ndi kanema wojambula sikirini, kuti pasakhale zokangana. Amene ali pamwamba afotokozere anzake momwe wachitira, chifukwa mpikisano umakoma onse akamakwera. Atsikana nawonso alowemo, poti batani silidziwa kuti chala ndi cha ndani, ndipo foni yotchipa imayendetsa magemu amenewa chimodzimodzi ndi yodula.

Lamulo limodzi lokha musaliphwanye: pasakhale ndalama. Tsiku limene wina adzati tiyeni tiziika K500 aliyense wopambana atenge zonse, mwabwerera ku juga, ndipo malamulo a dziko lino salola n'komwe mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga. Ndalama ikalowa, kubera kumayamba, ubwenzi umatha, ndipo amene alibe kanthu m'thumba amatsalira kunja. Mphotho ikhale dzina pamwamba pa mndandanda mpaka Lamlungu likubwerali, ndi ufulu wowaseka anzako pang'ono. Amene wapitidwa asadandaule, atenge foni, aone pamene akumafera, ayesenso Lolemba.